Dzina Lomangidwa Pakhosi pa Chidole

Nagoya, 14 Juni 2009

Achemwali Chizuru,

Landirani moni, inu ndi Amayi. Kuno mvula ya mwezi uno yayamba kale ndipo zovala sizikuuma. Ndikukhulupirira kuti kwathu ku Ushirodani mwatsiriza kuwokera mpunga. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni pa zifukwa ziwiri: makutu a Amayi sakumvanso mawu a pa foni, pomwe kalata mumawawerengera, ndiponso pa foni inu ndi ine sitichedwa kukangana.

Ndawerenga m'nyuzi kuti boma lawonjezera thandizo kwa midzi imene yasiya feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo. Ngati ndamva bwino, chino ndi chaka chachitatu cha mudzi wathu, chimene mpunga wanu ungavomerezedwe kuti ndi wolimidwa popanda mankhwala. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, si mlimi, koma funso limodzi likundivuta. M'chigwa chathu madzi amachoka m'munda wa pamtunda n'kulowa wa m'munsi mwake, motero mpaka kumtsinje. Ndiye kuti munthu mmodzi akathira mankhwala, wathirira onse. Nanga tiziwala toyamwa mpunga tikabwera ndi mphepo ya kumwera, mwakonza zotani?

Chachikulu ndi Amayi. Kodi akukanabe chipatala? Ndikudziwa yankho lawo, lakuti adzafera m'chipinda chimene anaferamo Bambo, koma dokotala sananene zabwino za mtima wawo. Ndidzabwera mu Ogasiti pa Obon, monga mwa chaka chilichonse, kudzasesa manda ndi kulandira mizimu ya makolo pamodzi nanu. Ulendo uno ndikufuna kudzakhala nawo nthawi yotalikirapo.

Mlongo wanu,
Naoyuki


Ushirodani, 9 Julayi 2009

Mlongo wanga Naoyuki,

Kalata yako inafika. Amayi anandiwerengetsa kawiri, kachiwiriko pofuna kumva ngati wafunsa za mawondo awo. Sunafunse. Akudya pang'ono, akugona kwambiri, ndipo za chipatala safuna n'kumva komwe.

Za madzi wanena zoona. Munda umodzi ukathiridwa mankhwala, zaka ziwiri zimene tapalira ndi manja ndi kumwaza madeya zipita pachabe kwa mabanja onse otsala muno, ndipo thandizo la boma lithera pomwepo. Zina zakoma: achule abwerera, atombolombo ndi akakowa nawonso. Amayi akuti chigwa chayamba kumveka monga chinkamvekera atangokwatiwa.

Tiziwala tinafika kumapeto kwa Juni, totuwa tija timene timayamwa phesi mpaka munda kuuma uli chilili. Tinaitana msonkhano. Mayi Ogasawara, mlangizi amene boma linatitumizira, anafunsa kuti makolo ankatani mankhwala asanabwere. A Kuramochi, wapampando wa gulu lathu la alimi, anakumbukira mwambo woperekeza tizilombo, umene unatha iwe usanabadwe. Mlangiziyo anaukonda, chifukwa akufuna zithunzi zokopera midzi ina kuti itengere chitsanzo chathu.

Tinauchita Loweruka lapitali dzuwa likulowa. Amuna analuka chidole cha mapesi a mpunga, cha msinkhu wa munthu. Tinachinyamula ndi miuni ndi ng'oma, kuzungulira munda uliwonse, tikuimba kuti, "Alendo mwadya, nyamukani tsopano, mwini wanu watsogola, mtsateni." Tinakathera pa mlatho wa kumalire. Kale anthu a ku Shimodani ankachilandira pamenepo n'kuchipereka kwa mudzi wotsatira, mpaka chikafike kunyanja. Koma Shimodani ndi bwinja tsopano, ukudziwa. Choncho tinangochikhazika pa benchi la pokwerera basi kutsidya kwa mlatho.

M'mawa mwake ndinalowa m'munda n'kugwedezera mapesi pa mbale yoyera, monga anatiphunzitsira mlangizi. Sipanagwe n'kamodzi komwe. Ndinayang'ana pamadzi kuti mwina tafa, panalibe takufa. Minda ya ena chimodzimodzi.

Tsopano pempho langa. Chaka chino usabwere pa Obon. Udzabwere tikakolola. Manda ndidzasesa ndine, ndipo Bambo ndidzawafotokozera.

Chemwali wako,
Chizuru


Nagoya, 21 Julayi 2009

Achemwali,

Moni. Auzeni Amayi kuti ndafunsa za mawondo awo, lamanja ndi lamanzere lomwe.

Ndakondwa kuti minda ili bwino, ngakhale sindikuganiza kuti ng'oma ndiyo yachititsa. Utsi wa miuni, kusintha kwa mphepo ndi achule obwerera aja n'zokwanira kufotokoza zimene munaona.

Chimene sindingathe kufotokoza ndi pempho lanu. Ndaliganizira mofatsa, monga ndimachitira ndi funso lililonse, kuchotsa chimodzichimodzi zifukwa zosagwira mutu. Malo ogona alipo. Ntchito ya kumunda sinayambe yakulepheretsani kundilandira. Amayi sakupeza bwino, ndipo chimenechi n'chifukwa chondiitanira, osati chondikanizira. Chatsala chimodzi: minda ya Bambo. Ngati gulu lanu likufuna kuti minda ilembedwe m'dzina la amene akuilima, ndipo mukuopa kuti ndidzatsutsa pamaso pa Amayi, nenani poyera. Chidindo changa chosainira mapepala ndidzatumiza pa positi. Mwailima ndinu, ndi yanu. Ine sindikufuna munda. Ndikufuna kuona Amayi akadali moyo.

Nkhani ina yaing'ono, imene mwina ikusekeseni. Tiziwala tanu tafika kuno. Mukudziwa kuti ndimakhala pa nsanjika yachisanu ndi chinayi, pakati pa mzinda, kopanda munda wa mpunga. Sabata yatha ndinatipeza pa zenera la chipinda changa chowerengera, kunja kwa galasi, titandandalikana m'munsi mwake. Ndinaganiza kuti takopeka ndi nyali, koma masana sitichoka. Ndinafunsa oyandikana nawo mbali zonse ziwiri. Pa mazenera awo palibe. Ndinatikolopa ndi nsanza, m'mawa ndinapeza tabwerera, tochulukirapo. Chimene ndaona n'chakuti ndikakhala pa tebulo, timitu tonse taloza ku tebulo. Ndikapita pa shelefu ya mabuku, pang'onopang'ono tonse timatembenukira komweko.

Dzulo pakhomo panga panali timapesi tiwiri ta mpunga. Mwina tinagwa mu katundu wa munthu wina.

Ndiyankheni mosabisa.

Naoyuki


Ushirodani, 2 Ogasiti 2009

Naoyuki,

Moni wa Amayi ndi wanga. Chidindo chako sunga. Za minda sindinaganizeko n'komwe, ndipo zandipweteka kuti unafika pamenepo. Koma ine ndinakusiyira mpata woganiza choncho, ndiye imva zonse.

Chidole chija sichipita chopanda dzina. Pakhosi pake amamangapo kansalu kolembedwa dzina la munthu wobadwira muno amene anachoka n'kukakhazikika kwina. Ameneyo ndiye "mwini" wa m'nyimbo ija. A Kuramochi atafotokoza zimenezi pamsonkhano, anthu anayamba kutchulirana ana awo mwanthabwala, koma aliyense akafika pa wake ankatsokomola. Amayi ndinali nditapita nawo chifukwa anakana kutsala okha. Mwadzidzidzi anagogoda pansi ndi ndodo.

"Lembani Naoyuki wanga," anatero. "Amabwera kamodzi pachaka ngati kalendala. Tiziwala tikamtsata tikaona Nagoya, tikakwereko chikepe."

Anthu anaseka. A Kuramochi sanaseke. "Mayi Tatsuno, zimenezi si zoseweretsa."

"Iwe Kuramochi, ndinakuona ukuthawa chule kabudula ali m'mawondo. Usandiphunzitse mwambo. Lemba."

Mayi Ogasawara anati dzina la mphunzitsi wa pa yunivesite lidzaoneka bwino pa chithunzi. A Kuramochi analemba dzina lako.

Lamulo linalo a Kuramochi analikumbukira titabwerako ku mlatho: mwini dzina saloledwa kuwoloka mlatho mpunga usanakololedwe, chifukwa akabwera, alendo ake amabwera naye. Ine ndinkaphunzitsa sayansi ku sekondale ndisanabwerere kudzasamalira Amayi, ndipo sindine munthu wokhulupirira zilizonse. Ndikungolemba zimene zaoneka. Chidole pa benchi paja palibe, ndipo palibe amene akuvomera kuti anachichotsa. Wamakalata akuti anachiona chitakhala pokwerera basi pa Shimodani. Patapita masiku anachionanso kumunsi kwenikweni, pamphambano ya msewu waukulu, chitayang'ana kum'mawa, kumene kuli Nagoya. M'zigwa zoyandikana nafe, kumene amathira mankhwala, minda ikuuma zigambazigamba. Kwathu kuno mpunga wayamba kutulutsa ngala, wobiriwira ngati wojambula. Ndipo chigwa chakhala chete. Achule alipo, ndimawaona, koma salira.

Dzana a Kuramochi anabwera ndi dengu la mapeyala, anagwada pakhomo mutu pansi, munthu wamkulu ngati uja, kupempha kuti ndikulembere. Mabanja ena, mpunga uwu ukalephera, atseka nyumba n'kutsata ana awo ku tauni.

Za zenera lako Amayi sindinawawerengere. Ndinadumpha ndime imeneyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kalata ya lero ndi yaifupi kuposa pepala lake."

Pirira mpaka Okutobala.

Chizuru


Nagoya, 26 Ogasiti 2009

Achemwali,

Pepani chifukwa cha zimene ndinalemba za minda, ndiponso chifukwa chochedwa kuyankha. Obon ndinakhala kuno, monga munapemphera. Ndinafuna ndiyambe ndapeza yankho lomveka ndisanalembe.

Ndinatenga tiziwala tingapo m'kabotolo n'kupita nato kwa mnzanga Hiiragi, amene amaphunzitsa za tizilombo. Anatiyang'ana pa galasi lokulitsa, n'kundifunsa kuti ndakatitenga m'munda wa kuti. Ndinati pa zenera langa. Anaseka, nati ndisamuseweretse. Anandifotokozera kuti mtundu umenewu umabadwa pawiri: tina ta mapiko aatali, timene timauluka ndi mphepo kuwoloka nyanja; tina ta mapiko aafupi, timene timabadwira m'munda n'kufera momwemo, chifukwa sitingathe kuuluka. Tanga tonse ndi ta mapiko aafupi.

Ndaganizira njira zonse zimene kanthu kosauluka kangachokere ku Ushirodani n'kufika pa nsanjika yanga. Phukusi simunatumize. Munthu wa kwathu sanabwere. Yatsala njira imodzi, yakuti tinayenda pansi, ndipo imeneyo sindikufuna kuivomereza.

Tsopano tiziwalato tili m'kati mwa nyumba. Sitiluma, sitilira. Timakhala m'mphepete mwa mphasa yanga, m'mizere. M'kalasi ophunzira amayang'ana paphewa panga m'malo moyang'ana pa bolodi, ndipo mmodzi anandikutumula kumsana. Ludzu silindithera ngakhale ndimwe bwanji. Lamba ndabowola kabowo kena. Dokotala anandipima zonse, nati magazi ali bwino, koma ndikuoneka ngati munthu amene wakhala padzuwa nyengo yonse. Ndikakwera masitepe ndimadzimva wopepuka, ngati m'kati mulibe kanthu. Pokwerera basi pa tsidya la msewu wathu pamakhala munthu wina masana, wosakwera basi iliyonse. Maso anga si abwino, ndipo sindinawoloke kukaona.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mwambowu ndi wachabe, kubwera kwanga sikuwononga munda wa munthu. Ngati ndi woona, sindikudziwa kuti Okutobala adzandipeza ndili wotani, ndiponso sindikudziwa ngati adzawapeza Amayi. Mbali zonse ziwiri, yankho ndi limodzi. Ndidzafika pa 10 Seputembala ndi basi ya masana. A Kuramochi muwauze, kuti asadzati ndinalowa mozemba. Kalata iyi muwawerengere Amayi yonse, osadumpha.

Naoyuki


Ushirodani, 3 Seputembala

Iwe Naoyuki,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo.

Chemwali wako wandiwerengera zonse, akulira ngati mwana. Amuna a m'mudzi muno akuti adzaimika magalimoto awo pa mlatho tsiku lobwera iwe. Zitsiru. Koma nawonso ali ndi ana odyetsa.

Ndinakutchula dzina chifukwa unandikwiyitsa. Chaka chatha unakhala masiku awiri okha, ndipo tsiku limodzi unalithera pa mabuku. Ndinkafuna uzimva manyazi, osati uume.

Ndinamuitana Kuramochi. Ndinamufunsa kuti, kodi lamulo limati wochoka kalekale, kapena wochoka basi? Anakanda m'mutu, nati wochoka osabwerera. Ndinati chabwino, bweretsa mapesi. Ndaluka chidole changa, chaching'ono, miyendo yopotoka ngati yanga. Ndachiveka epuloni yanga ya kukhitchini. Dzina ndalemba ndekha.

Mawa Chizuru andiperekeza ku chipatala cha ku Matsue chimene mwakhala mukundivutitsa nacho. Tidzazungulira minda pa galimoto, ine ndikuimba, chifukwa ena onse mawu awo ndi oipa. Bambo ako ndawauza kuti chipinda chija ndawasiyira okha. Sanayankhe, monga mwa masiku onse.

Udzere kuchipatala ndidzakuone. Ukatero upite kunyumba ukakolole, chemwali wako adzakhala ndi ine. Zenga lili pamalo pake. Usagwire ngati choko.

Udye.

Amako


Matsue, 24 Seputembala 2009

Mlongo wanga,

Moni wochokera kuchipatala. Ndikukhulupirira kuti msana wayamba kuzolowera. Tsiku lija unadzera kuno ndinachita mantha ndi mmene unaonekera. Nditakuona ukumaliza mbale ziwiri za mpunga m'kantini ndinapuma. Amayi utangotuluka anati, "Wakalamba kuposa ine, koma akhala."

Sindinapeze mpata wokuuza za ulendo wathu. Tinazungulira minda yonse, iwo ali pampando wakutsogolo, chidole pamiyendo, zenera lotsegula, akuimba. Palibe amene anatuluka m'nyumba, koma makatani ankagwedezeka. Titawoloka mlatho anati ndiime. Anayang'ana chigwa nthawi yaitali, mpaka denga la nyumba yathu. Ndinati tikhoza kubwerera, palibe amene angawaletse. Anati, "Yendetsa, ukuwononga mafuta." Chidole anakana kuchisiya pa benchi. Chili nawo pano pambali pa bedi, ndipo anamwino akuganiza kuti n'chowasangalatsa.

Tiziwala tinafika kuno patatha masiku ochepa iwe utapita. Chipinda cha Amayi chili pa nsanjika yachinayi. Tinayambira m'munsi mwa galasi la zenera, ndipo lero tafika pakati, moti kuwala kumalowa kotuwa. Wokolopa wayesa kangapo n'kusiya. Wodwala amene anali pa bedi linalo anapempha kusamutsidwa. Amayi satiopa. M'mawa amatipatsa moni. Dzulo ndinawamva akuti, "Dikirani, mwana wanga asanamalize kukolola sitinyamuka."

Akuchepa tsiku ndi tsiku. Ndikawanyamula kuti ndisinthe nsalu, salemera kuposa mtolo wa mapesi. Dokotala akuti ndi mtima, ndipo mwina ndi mtimadi.

Amandifunsa kawirikawiri kuti wafika munda uti. Usathamange chifukwa cha iwo, komanso usachedwe dala, adziwa. Undilembere za ngala, ngati zili zodzaza. Akufuna kumva.

Chizuru


Ushirodani, 15 Novembala 2009

Achemwali Chizuru,

Moni kwa inu, kwa mwana wanu Sayoko ndi kwa amuna ake. Ndikuthokoza kuti akusungani kwawo ku Matsue chichitikire maliro. Mwagwira ntchito zaka zambiri osapuma, ndipo pa foni munati mwina nyengo yozizira yonse mukhala komweko, kapena kupitirira. Ndinavomera msanga. Ndikulemba kuti ndibweze kuvomera kumeneko, ndipo ndifotokoza mwadongosolo.

Choyamba, za Amayi. Phulusa la mtembo wawo ndinaliika m'manda pambali pa Bambo, monga tinagwirizanira. A Kuramochi anali atapempha kuti lisawoloke mlatho mpaka mtolo womaliza wa mudzi wonse utalowa m'nkhokwe, ndipo ndinadikira. Sindinawatsutse. Munandiuza kuti m'mawa umene Amayi anatisiya, galasi la chipatala linali loyera, ndipo chidole sichinapezeke pambali pa bedi. Sindinafunse zambiri, ndipo sindifunsa.

Chachiwiri, za mpunga. Wavomerezedwa. Oyeza sanapezemo mankhwala alionse, ndipo zokolola zaposa za zigwa zonse zotizungulira. Sabata yatha kunali phwando ku holo ya mudzi. Mayi Ogasawara anabwera ndi akuluakulu awo, anaonetsa zithunzi za miuni ija, nalengeza kuti thandizo lipitirira. Midzi inayi yapempha kale kudzaphunzira kwa ife, ndipo akufuna kuti mwambo woperekeza uzichitika chaka chilichonse, alendo azibwera kudzaonera. Mayiyo ndi munthu wabwino ndipo amakhulupirira ntchito yake. Iye amaona chidole ndi ng'oma basi.

Anthu anaomba m'manja. Kenaka ndinaona kuti aliyense akuyang'ana m'kapu yake. Mayi Nagasako, amene ana awo atatu ali ku Osaka, anatuluka phwando lisanathe. Dzulo ndamva kuti akhala akuimbira foni mwana wawo wamkulu, kumuuza kuti ntchito ya ku tauni siyofunika kwenikweni.

Chachitatu ndicho chifukwa cha kalata iyi. Potuluka mu holo a Kuramochi anayenda nane mpaka pa ngalande. Anayamikira mmene ndagwirira zenga. Anandifunsa ngati ndibwerera ku Nagoya; ndinawauza kuti ndalemba kale ku yunivesite kuti ndisiya ntchito chaka cha maphunziro chikatha, ndipo anagwedeza mutu ngati munthu amene wachotsa chinthu chimodzi m'maganizo. Tinayenda pang'ono. Kenaka anafunsa, mwaulemu kwambiri, osandiyang'ana:

"Nanga achemwali anu, ku Matsue kuja akhalitsako?"

Ndinayankha kuti mukubwera sabata ino.

Musandichititse kukhala wabodza. Gulu likumana kumayambiriro kwa Disembala kukonza za chaka chamawa, ndipo chidole chatsopano chidzafuna dzina. Chipinda chanu ndasesa, mbaula ndayatsa kale kuti chinyezi chichoke. Katundu wolemera musiyeni, tidzatenga bwino. Mukwere basi ya m'mawa, imene imadutsa pa holo anthu ali panja, ndipo mukhale mbali ya zenera kuti akuoneni.

Mlongo wanu,
Naoyuki